Filimu ya bambo ndi mwana wamkazi yopanda phokoso: mphamvu yake ili pati, nanga imafooka pati?

"Ndine mphunzitsi wa ku sekondale ndipo ndimayang'anira kalabu ya zisudzo. Tikufuna kujambula filimu yaifupi ya mtsikana wa Fomu 2 amene amakhala ndi bambo ake okha. Bamboyo anabwera kuchokera ku Joni atathawa zipolowe, ndipo chibwerereni safuna kukhala pakati pa anthu. Mnzanga anati ndiyambe ndaonera Leave No Trace. Ine inandikhudza mpaka misozi, koma nditaonetsa ana a m'kalabu ena anayamba kuwodzera, ena nkumati, 'Madamu, palibe chikuchitika.' Kodi vuto ndi filimuyo kapena anawo? Nanga ife titengepo chiyani, tisiye chiyani?" Mphunzitsi, Zomba

Aphunzitsi, mtima ukhale m'malo. Misozi yanu inali ndi chifukwa, kuwodzera kwa anawo nakonso kunali ndi chifukwa. Mnzanuyo anakusankhirani chitsanzo chabwino, chifukwa filimuyi ili ndi zonse ziwiri zimene mukufunika kuziona musanagwire kamera: zimene zimapatsa mphamvu filimu yachete, ndi maenje amene filimu yotere imagweramo ngakhale ili m'manja mwa akatswiri.

Ndiyambe ndakumbutsa nkhani yake chifukwa cha ena amene sanaionere, ndipo adziwiretu kuti ndiulula mathero. Leave No Trace inatuluka mu 2018. Anaitsogolera ndi Debra Granik, amene analemba nkhaniyo limodzi ndi Anne Rosellini kuchokera m'buku la Peter Rock. Ben Foster ndiye bambo, dzina lake Will, msilikali wakale amene nkhondo inamusiyira matenda a maganizo aja amati PTSD. Thomasin McKenzie wa ku New Zealand ndiye mwana wake wamkazi Tom, wa zaka 13. Awiriwa amakhala mobisala mu Forest Park, nkhalango yaikulu ya boma yomwe ili m'mphepete mwa mzinda wa Portland ku Oregon. Tsiku lina munthu wothamanga akumuona Tom, apolisi akubwera ndi galu, a zachisamaliro cha anthu akuwapezera nyumba pa famu ya mitengo ya Khirisimasi. Will akulephera kupirira, akumutenga mwana nkuthawira kumpoto, ku Washington, kumene akutsala pang'ono kufa ndi chisanu. Will akuvulala mwendo, anthu okhala m'makalavani (tinyumba ta matayala tokokedwa ndi galimoto) m'nkhalango akuwalandira, ndipo atachira akufunanso kunyamuka. Tom akukana. Zonsezi ndi mphindi 109.

Mphamvu yoyamba ndi yakuti filimuyi imatiuza za anthu ake kudzera mu ntchito za manja awo. Bwererani ku mphindi zoyambirira muone. Akutola bowa, akusunga madzi a mvula, akukoleza moto popanda machesi, akusewera chesi, akuyeserera kubisala ngati kuti adani akubwera. Palibe amene akunena kuti bambo uyu amakonda mwana wake, kapena kuti bambo uyu akudwala. Timazidziwa tokha. Pali kagawo kena kamene nkhuni zanyowa, moto ukukana, mwana ali ndi njala ndipo akufuna kuyatsa kachitofu ka gasi, koma bambo akufuna gasiyo asungidwe. Kagawo kameneka ndi kakang'ono, koma nkhani yonse ili momwemo: malamulo a bambo mbali iyi, njala ya mwana mbali iyo. Pali kenanso pamene Tom akupeza kamkanda panjira. Bambo akumuuza kuti akasiye, ngati akakapezabe pobwerera ndiye katenge. Tom akukakwirira ndi phazi kuti wina asakaone. Kumeneko ndiye kuyamba kwa mtsikanayu kufuna chinthu chakechake, ndipo sanalankhule liwu limodzi. Ben Foster ndi Debra Granik anachita kukhala pansi nkuchotsa mawu ambiri amene anali atalembedwa, kuti nkhope ndi manja ndizo zigwire ntchitoyo.

Mphamvu yachiwiri, imene ine ndimaiona kuti ndi yaikulu koposa, ndi yakuti mulibe munthu woipa. Wa zachisamaliro cha anthu ndi waulemu ndipo akuvomereza kuti Tom waphunzira kuposa ana a msinkhu wake. Mwini famu akuwapatsa nyumba ndi ntchito. Dalaivala wa thiraki asanawanyamule akumufunsa kaye mtsikanayo ngati ali bwino. Mayi wa kumakalavani akuwapatsa pogona osawafunsa zambiri. Olemba ambiri ongoyamba kumene amathamangira kuikamo mayi wopeza wankhanza, mfiti, kapena bwana wakuba, chifukwa munthu woipa amapeputsa ntchito: woonera akadana naye basi, nkhani yayenda. Apa anachotsa chotsamira chimenecho. Chotsala ndi funso lopweteka: munthu amene umamukonda kuposa wina aliyense akakhala kuti ndiye akukutsekera moyo, osati mwa nkhanza koma chifukwa cha bala lake, utani? N'chifukwa chake inu munalira. Mathero ake alibe wopambana. Tom akuwauza bambo ake mwachidule kuti chimene chikuwavuta iwo sichikumuvuta iye, akusiyana panjira, ndipo pambuyo pake tikumuona akupachika thumba la chakudya pamtengo kuti mwina bamboyo adzalipeza.

Taonaninso mmene kusintha kwa mtsikanayu anakuyalira pang'onopang'ono ngati masitepe. Kamkanda kaja koyamba. Kenako pa famu akukumana ndi mnyamata woweta kalulu, akupita naye kumene achinyamata amaphunzira kusamala akalulu, ndipo akulawa kukoma kokhala ndi anzake. Kenako kumakalavani akupereka ndalama yekha kuti akhale ndi malo awo. Kenako njuchi: akuphunzira kutsegula mng'oma, nkuitana bambo ake kuti aone kuti angathe kuimirira pakati pa njuchi osavala zodzitetezera, osalumidwa. Sitepe iliyonse ndi yokwererapo kuposa inzake, choncho akamakana kunyamuka kumapeto, sitidabwa. Tinamuona akubwera. Phokoso nalonso analigwiritsa ntchito mwanzeru. Nyimbo ndi zochepa. Chimene chimatilowetsa m'mutu mwa Will ndi kulira kwa helikopita, makamaka pa famu paja pamene helikopita ikunyamula mitengo iye ali pansi. Sanatiwonetse chithunzi chilichonse cha kunkhondo. Ndipo bambo ndi mwana ali ndi kachizindikiro kawo koliza lilime, kamene kamalowa m'malo mwa mawu achikondi. Kakamveka komaliza kamabaya.

Tsopano tibwere kwa ana anu, chifukwa naonso akunena zoona zina.

Chofooka chachikulu ndi bamboyo. Will ndi wotsekeka kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Timadziwa kuti anali msilikali, amalota zoopsa, amagulitsa mankhwala amene amalandira kuchipatala cha asilikali akale kuti apeze ndalama ya chakudya, ndipo m'mapepala ake muli nkhani ya m'nyuzipepala yonena za asilikali odzipha. Kupitirira apo, khomo ndi lotseka. Munthu wamkulu amene anaonapo wachibale akuvutika maganizo amadzaza yekha mipatayo. Mwana wa zaka 15 alibe chodzazira, ndiye amangoona bambo wouma mutu amene akuzunza mwana wake popanda chifukwa. Kusalankhula kumagwira mtima pokhapokha woonera akudziwa chimene munthuyo akumeza. Akapanda kudziwa, kumangokhala chete wamba, ndipo tulo timabwera. Za mayi ake a Tom nazonso anangozikhudza pang'ono nkusiya, moti funso lakuti anafika bwanji m'nkhalangomo limatsala lolendewera.

Chachiwiri, nkhaniyo imazungulira njira imodzi kawiri: apeza pokhala, Tom ayamba kuzolowera, Will anyamula chikwama. Kubwerezako kuli ndi cholinga, chifukwa ndi mmene matendawo amachitira, koma pakati pa filimu woonera amakhala atadziwa kale chimene bamboyo achite, ndipo chidwi chimatsika. Chachitatu, ubwino wa anthu onse uja, umene ndautama pamwambapa, uli ndi mtengo wake. Pena umapitirira muyeso. Mtsikana wa zaka 13 woyenda m'misewu, kukwera sitima ya katundu ndi kugona m'tchire amakumana ndi zoopsa zambiri kuposa zimene tikuonetsedwa, ndipo mudzi wa makalavani uja, ndi magitala ake ndi njuchi zake, ukuoneka wofewa ngati maloto. Ndionjezerenso kuti filimuyi imamuchitira chifundo Will kwambiri. Anatsala pang'ono kuphetsa mwana ndi chisanu, koma palibe gawo limene mkwiyo wa Tom ukuphulika mokwanira. Ena amati kumeneko ndiye kukhwima kwa filimuyo. Ine ndimaona kuti panafunika mphindi imodzi yokha yoti mwanayo akwiye ngati mwana.

Nanga inu mutengepo chiyani? Choyamba ndi chenjezo: musakopere kudzipatula kwa anthu awiriwa ngati mmene kulili. Ku Oregon n'zomveka kuti bambo ndi mwana asowe m'nkhalango popanda wachibale wowafunafuna. Kwathu kuno woonera aliyense afunsa nthawi yomweyo kuti amalume ake a mtsikanayu ali kuti, azakhali ali kuti, agogo akuti chiyani, a mpingo ndi amfumu bwanji sanalowererepo. Makamaka m'madera a chikamwini, mwana wamkazi mayi ake akamwalira sangangotsala ndi bambo popanda a kuchikazi kukambapo. Mukapanda kuyankha funso limeneli m'mphindi zitatu zoyambirira, anthu akhala akulifunsa mumtima mpaka filimu kutha, osamvetsera zina. Koma mukaliyankha, mwapeza nkhani yamphamvu kuposa ya Forest Park: amalume abwino, osati ankhanza, amene akufuna kumutenga mtsikanayo kuti akapitirize sukulu, ndipo mtsikanayo akudziwa kuti akachoka bambo ake sadzadya. Chimodzimodzi nkhani ya kugona mu tenti imodzi. Ngakhale mufilimumo a boma akumufunsa Tom za zimenezi. Kwathu mtsikana wotha msinkhu ali ndi malire ndi bambo ake, ndipo malirewo ndi chuma kwa inu, chifukwa chikondi chawo chimadutsira kale m'zochita: kuwapatsira madzi osamba, kugwada popereka nsima, bambo kusiya nthuli ya ndiwo m'mbale mwadala, kukonza tcheni cha njinga usiku kuti mwana asachedwe ku sukulu. Tsiku limene mtsikanayo apereka nsima chiimirire, woonera wa kuno adziwa kuti chinthu chasweka, popanda liwu.

Pa kalembedwe, filimu yanu isapitirire mphindi 15 kapena 20. Tsamba limodzi la sikiripiti, kutanthauza nkhani ya filimu yolembedwa papepala, limatenga pafupifupi mphindi imodzi, koma mufilimu yachete limatalikirapo, choncho masamba 12 mpaka 15 akukwanirani. Musanalembe mawu olankhula, tengani timapepala 12 kapena 14, kapepala kalikonse kakhale gawo limodzi, ndipo pa kalikonse lembani zinthu ziwiri zokha: mtsikanayo akufuna chiyani pano, ndipo chasintha n'chiyani gawoli likamatha. Kapepala kamene mwalephera kulembapo chosintha, kang'ambeni, ngakhale chithunzi chake chikhale chokongola bwanji. Mawu aja akuti "palibe chikuchitika" amabadwira pa timapepala totere. Ikaninso tsiku lomaliza loti chisankho chichitike: amalume abwera Loweruka, kapena sukulu itsegulira Lolemba. Leave No Trace ilibe wotchi yotere, n'chifukwa chake pakati pake pamalefuka. Inu ndi mphindi 15 zokha, wotchiyo ikuthandizani kwambiri.

Bamboyo mumutsegulire zenera limodzi. Sindikunena kuti akhale pansi nkufotokoza kwa mphindi zisanu zimene anaona ku Joni, ayi, kumeneko ndiye kupha filimu. Gawo limodzi lokha likukwana, lochitika poyera: gulu la anyamata likudutsa likuimba ndi kuliza malikhweru pochokera ku mpira, iye nkutaya khasu kukabisala kuseri kwa nkhokwe, mwana wake akuona. Ndipo mumupatse chinthu chimodzi chimene amachita bwino ndi kusangalala nacho, kaya ukalipentala kaya kuimba, kuti woonera aone munthu amene anali asanavulale. Popanda chimenecho palibe amene amulirire.

Pa zida, ndalama zochepa zimene muli nazo ziyambe zapita ku mawu, kamera pambuyo. Foni yabwino ikhoza kujambula chithunzi chokwanira, koma maikolofoni ya pafoni ikakhala mamita atatu kuchoka kwa wolankhula imatola mphepo, atambala ndi chigayo cha kutsidya, mawu a munthu nkumamveka ngati ali m'chitsime. Filimu yaphokoso imabisa zimenezi ndi nyimbo, yachete ilibe pobisala. Maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa, osapitirira theka la mita ngati n'kotheka, ivekedwe chotchinga mphepo, ndipo munthu mmodzi ntchito yake ikhale kumvetsera ndi mahedifoni basi. Pamalo aliyense, mukamaliza kujambula, onse akhale chete kwa mphindi imodzi mujambule phokoso la malowo. Polumikiza zithunzi mudzaliyala pansi pa gawo lonse. Mukapanda kutero, paliponse pamene mwadula padzamveka ngati wailesi yazima nkuyakanso. Jambulaninso padera timaphokoso ta ntchito: madzi akuthiridwa m'beseni, mthiko m'poto, chitseko, mapazi pa mchenga. Nyumba ya malata ipeweni nyengo ya mvula.

Kuwala kwabwino ndi kwa m'mawa dzuwa lisanakwere ndi kwa madzulo kuyambira cha m'ma 4 koloko. Dzuwa la masana limaika mithunzi yakuda m'maso, ndipo filimu imene ikudalira maso singalole zimenezo. M'nyumba, khazikani wosewera pafupi ndi zenera kapena khomo, kuwala kumugwere cham'mbali, osati kuchokera kumbuyo kwake. Kamera ikhale pa choimikira. Gawo lililonse lofunika lijambuleni katatu: patali kuti tione onse awiri ndi mtunda umene uli pakati pawo, pafupi pa nkhope ya wolankhula, ndi pafupi pa nkhope ya womvetsera. Chachitatuchi ndi chimene ongoyamba amaiwala, chonsecho mufilimu ya mtundu uwu nkhani imakhala pa nkhope ya amene sakulankhula. Mawu akatha musafulumire kudula, siyani kamera iyende masekondi ena asanu kapena khumi.

Vuto lalikulu limene mukumane nalo ndi ana anu enieniwo, chifukwa anazolowera siteji. Pa siteji munthu amakweza mawu ndi kutambasula manja kuti wa kumbuyo kwa holo aone. Kamera imakulitsa chilichonse, ndiye zimenezo zimaoneka zabodza. Mankhwala ake ndi kuwapatsa ntchito yeniyeni m'manja: asenda chimanga, achapa, akonza njinga, ndipo mawu atuluke ali pa ntchitoyo. Ben Foster ndi Thomasin McKenzie anayamba aphunzira limodzi luso lokhala m'tchire asanayambe kujambula, n'chifukwa chake manja awo amaoneka ozolowerana. Inunso apatseni awiri anuwo masiku atatu kapena anayi akugwira ntchito zapakhomo limodzi, inu muli pomwepo, popanda kamera. Ndipo gawo la bambo musapatse mnyamata wa Fomu 4 wopakidwa ufa kumutu. Pezani munthu wamkulu weniweni.

Mukalumikiza koyamba, onetsani anthu 8 kapena 10 amene sanaone sikiripiti, achinyamata ndi akuluakulu osakaniza. Musawafunse ngati yawasangalatsa, adzakuyankhani mwaulemu. Khalani kumbuyo ndi wotchi, lembani mphindi imene ayamba kusuntha pampando kapena kunong'onezana, kenako afunseni kuti mtsikanayo amafuna chiyani, ndipo bamboyo amaopa chiyani. Atatu akalephera kuyankha, vuto lili m'nkhani, ndipo kuthira nyimbo yachisoni sikungalikonze.

Pali malo atatu amene musayende nokha. Oyamba ndi matenda a bamboyo. Musanamalize kulemba, pitani ndi sikiripiti kwa namwino kapena mlangizi wa za maganizo, kaya pa chipatala cha boma chapafupi, kaya ku Zomba Mental Hospital poti muli komweko. Akuuzani mmene munthu wotere amagonera, zimene zimamudzidzimutsa, ndi mmene achibale amatopera, kuti musamusandutse wamisala wa m'sewero woseketsa anthu. Ngati mufuna kucheza ndi anthu amene anathawadi zipolowe ku South Africa, pemphani chilolezo chawo, musinthe zonse zimene zingawazindikiritse, ndipo akafuna kusiya kulankhula, asiye. Achiwiri ndi ana: pezani kalata ya chilolezo ya makolo ndi ya ahedi, mayi wamkulu akhalepo nthawi zonse pojambula, ndipo mukaona kuti nkhaniyi yakhudza bala lenileni la mwana wina m'kalabu, imitsani ntchito mumuperekeze kwa mlangizi. Achitatu ndi mawu ndi kulumikiza zithunzi. Ngati pali ndalama yolipira katswiri mmodzi yekha, akhale wa mawu. Anthu a pa wailesi za m'madera amaidziwa bwino ntchito imeneyi.

Filimu ija muwaonetsenso ana anu, koma osati yonse nthawi imodzi. Tengani mphindi 15 zoyambirira, muzimitse mawu, aliyense alembe zinthu zisanu zimene wadziwa za bambo ndi mwana ameneyu, ndi chimene wachiona chomwe chamuuza zimenezo. Kenako muonetse gawo la kamkanda ndi gawo la njuchi motsatizana, muwafunse kuti chasintha n'chiyani mwa Tom pakati pa awiriwa. Tsiku lotsatira agawireni timapepala tija, awiriawiri, ayambe kulemba magawo a filimu yawo.